A Nkhono ndi Matumba Awo a Mchenga

Chimene sindinachimvetse mwa a Nkhono, ndipo mpaka lero sindichimvetsa, ndi nkhani ya mpando. M'chipinda chimene ankachita lendi kuseri kwa nyumba yanga munali mpando umodzi wokha wabwino, wokhala ndi potsamira msana. Mkamwini wawo akabwera, a Nkhono ankaupukuta ndi kansalu n'kumupatsa, iwo n'kukhala pa ndowa yovundikira. Ankamuwiritsira tiyi. Ankamufunsa za ntchito, za matayala a maminibasi, za chifuwa cha amayi ake. Chonsecho munthu ameneyu ndi amene ankamenya mwana wawo wamkazi, mwana mmodzi yekhayo amene anali naye. Iwo ankadziwa, ine ndinkadziwa, msewu wathu wonse unkadziwa. Ena ankati ndi mantha, ena ankati ndi ulemu wa anthu akale. Ine ndinakhala nawo pabwalo limodzi zaka zingapo ndipo sindinganene kuti chinali chiti.

Anabwera kwa ine mkazi wawo atangomwalira. Anali munthu wamfupi, wa miyendo ya matewe, wolankhula motsitsa ngati akuopa kudzutsa wodwala. Moyo wawo wonse ankanyamula anthu pa njinga yopalasa, mpaka mawondo anayamba kukana. Pamenepo ndi pomwe anagula njinga yamagetsi yakale, yobiriwira, utoto utasupuka m'mbali. Batire inali m'bokosi lakuda pansi pa chishalo, ndipo pabokosipo panalembedwa kuti mavoliti 48. Mota inali pakati pa tayala lakumbuyo. Pa handulo panali timagetsi tisanu tosonyeza moto wotsala. Ankaitchaja pa soketi ya pakhonde langa, chifukwa m'chipinda mwawo munalibe.

Dzina la Nkhono analipeza pa siteji ya njinga. Anzawo a pamenepo ankapotokola moto mpaka kumapeto, n'kumadutsa mumsewu malaya ali pepepe kumbuyo. Iwo ayi. Ponyamuka ankayamba apalasa ndi miyendo yowawayo, njinga ikagwira mayendedwe ndi pomwe ankaipatsa moto, pang'ono pokha. M'mawa uliwonse ankadina matayala ndi chala chachikulu n'kupopa, ngakhale pomwe ine ndinkaona kuti ndi olimba kale.

"Madala, imeneyo ndi yamagetsi kapena ya makala?" ankawafuulira anzawowo powadutsa.

"Pitani, ana anga," ankayankha. "Ndikupezani mukukankha."

Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chake ankayenda ngati akuperekeza maliro. Anati, "Liwiro limadya moto, alandilodi. Mphepo imene imakumenyani kumaso mukamathamanga ija, batire ndi imene imalimbana nayo. Tayala lofewa limadya. Mchenga umadya. Kuima n'kunyamukanso kumadya. Koma chilombo chenicheni ndi chitunda."

Sindine munthu woyamikira anthu, ndipo sindikulemba izi kuti ndiwatame. Anali ndi zawo. Ankaiwala kutseka geti, ankasunga mawaya akutha m'zitini mpaka mphemvu zinachuluka, ndipo munthu akawakwiyitsa ankatha mlungu wonse akumuyankha ndi mutu wokha.

Mwana wawo anakwatiwa ndi mkulu wa pa depoti ya maminibasi, amene aliyense ankangomutchula kuti a Tcheya. Anali munthu wathupi, wonunkhira sopo wabwino, womwetulira nthawi zonse, ndipo m'thumba mwake simunkasowa maswiti a ana. Madalaivala, makondakitala ndi oitanira onse a m'tawuni yathu ankadya m'manja mwake. Mkaziyo anathawa kawiri. Ulendo woyamba kondakitala anamuzindikira minibasi isanatuluke n'komwe m'depoti. Ulendo wachiwiri anayenda wapansi mpaka kunja kwa tawuni, khanda kumsana, n'kukwerera kumeneko. Dalaivala anangoimba foni, n'kutembenuza galimoto, n'kukamutsitsa pakhomo pa mwamuna wake okwera onse akuona. Achibale anasonkhana n'kumuuza kuti banja n'kupirira. Nkhani inakafika ku ofesi ina ya boma, ndipo a Tcheya anatulukako akugwirana chanza ndi aliyense. Kuyambira pamenepo geti ya kwawo inkakhala yokhoma. Mkaziyo ankatuluka tsiku limodzi lokha pa mwezi, popita ndi mwana ku sikelo pa chipatala chaching'ono cha m'dera lathu.

M'mawa wina ndinapeza matumba awiri a mchenga pabwalo, lina lalikulu, lina laling'ono, onse omangidwa bwino pakamwa.

"Mwayamba kumanga pabwalo langa, a Nkhono?"

"Ayi, alandilodi." Anagwira lalikululo. "Awa ndi mayi." Mwana wawoyo ankamutchula kuti mayi kuyambira ali wamng'ono. Kenako anagwira laling'onolo. "Awa ndi abwana aang'ono, adzukulu anga."

Anandiuza zonse poyera, akumangirira matumbawo pa kaliyala. Misewu yonse ya galimoto inali m'manja mwa mkamwini. Koma kuseri kwa tawuni kuli njira yokwera phiri, yopita komwe amaswa miyala. Imadutsa pa thanki yaikulu ya madzi, n'kuwoloka chigwembe pa kamlatho ka matabwa kamene galimoto singadutsepo. Kutsidya kwa phirilo, patali ndithu, kuli njanji, ndipo kumeneko mawu a Tcheya safikako. Njinga yamagetsi sichita phokoso. Funso linali limodzi: kodi ingakweze munthu wamkulu ndi mwana paphiripo, n'kutsala ndi moto wokafika kunjanji?

"Mukakafika kunjanjiko, kenako?"

"Kenako musandifunse. Chimene simukudziwa sangakufinyeni nacho."

"Nanga bwanji mwandiuza izi?"

"Soketi ndi yanu," anatero.

Kuyambira pamenepo, masiku ena masana ankasiya ntchito n'kukwera phiri ndi matumbawo. Pa siteji anthu ankati a Nkhono apeza mkazi wamasiye kumtunda ndipo akumumangira khonde, thumba limodzi pa ulendo. Iwo ankaseka nawo. Koma ankabwerera nkhope itagwa. Pamalo athyathyathya njinga inkayenda bwinobwino, timagetsi tonse tikuyaka. Chitunda chikangoyamba, kamodzi kankazima, kenako kena, ndipo pofika pa thanki mota inkangoti zii. Akakhala pamwala n'kupuma pang'ono, timagetsi tiwiri kapena titatu tinkayakanso tokha. Akakwera, patsogolo pang'ono tinkazimanso.

"Ili ngati ine," anandiuza. "Ndikakhala pansi ndimadziona ngati mnyamata. Mundinyamulitse katundu muone."

Anayesa zambiri. Anachotsa madigadi ndi dengu lakutsogolo kuti njinga ipepuke. Anayesa kukankha malo otsetsereka kwambiri, koma mawondo ankatupa. Anayesa kukwera mokhotakhota, uku ndi uku kwa njira. Thanki ankaidutsa pang'ono, koma kamlatho sankakafika.

Tsiku la sikelo ankaimika njinga pageti pa chipatala ngati akudikira wokwera aliyense. Mwana wawo ankadutsa n'kuwapatsa moni mwachidule, chifukwa pafupi sipankasowa woitanira wongoyendayenda. Iwo ankanyamula mdzukulu m'mwamba, kumuseweretsa, n'kufunsa kuti sikelo yati bwanji. Thupi la mayiyo ankangoliyeza ndi maso. Madzulo ake ankamasula matumba. Poyamba ndinkaganiza kuti akuwonjezera mchenga watsopano m'thumba laling'ono, poti mwana amakula. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti ankautapa ndi kapu m'thumba lalikulu. Mwezi uliwonse ankachita zimenezi, ndipo thumba lalikululo linayamba kukhwinyata pakhosi.

Kumsika kuli mayi wina wokonza mabatire ndi mawailesi, amene anthu amamutchula kuti Mayi Fyuzi. Kashopu kake ndi kopanikiza, kodzaza mawaya olendewera, ndipo mumanunkha mtovu wosungunula. Tsiku lina ndinapita ndi wailesi yanga n'kupeza a Nkhono ali momwemo, batire ili patebulo.

"Mabatire aang'ono ali m'katimu ndi okalamba ngati mwini wake," mayiyo ankanena, magalasi ali pamphuno. "Mukawapanikiza, mphamvu imagwa, kabokosi kogawa moto kamaona ngati atha, n'kudula. Ndiwonjezere ena pamzerepo tifike mavoliti 60. Mota izizungulira mwachangu, chitunda muzichimeza, ndipo moto uchulukirako. Kabokosi ndikupatsani kena, ka njinga ina imene inagundidwa. Tchaja nayonso ina."

"Nanga choipa chake?"

"Ha, madala inu, mumafuna mkazi wokongola wosadya? Mota yanu inapangidwira 48. Pachitunda izitentha ngati mbaula. Mukaiumiriza, mawaya am'kati apsa, ndipo ikapsa yapsa. Komanso mukamva kukoma n'kumathamanga, moto wowonjezerawo muutha msanga kuposa kale."

"Ine sindithamanga."

"Dziko lonse likudziwa. Chachitatu, timagetsi tanuto tiziwerengabe zakale. Batire yatsopanoyi ikamafika pakutha imakhala idakali pamwamba pa muyeso wa timagetsito. Ndiye tiziyaka tonse, mbee, mpaka nthawi imene njinga idzafere pansi panu."

"Tina tolondola mulibe?"

"Ndilibe. Ndinaitanitsa kalekale, mpaka ndinaleka kufunsa."

A Nkhono ananyamula batire yawo n'kutuluka. Panjira anandiuza kuti bola bulu wofooka amene umamudziwa. Anapitiriza kukwera phiri ndi 48 yawo yomweyo, n'kumabwerera akukankha.

Pa sikelo yotsatira mwana wawo anabwera mkono uli m'nsalu yokoleka m'khosi, ndipo khanda anamunyamulira ndi mayi wina woyandikana naye nyumba. Anati anaterereka kubafa. Madzulo amenewo a Nkhono sanamasule matumba. Anakhala pa ndowa yawo pabwalo, manja ali pamawondo, mpaka dzuwa linalowa. M'mawa mwake anapita kwa Mayi Fyuzi.

Batire inabwera itanenepa, yokulungidwa ndi tepi yabuluu, moti chivundikiro cha bokosi chinkatsekeka movutikira ndipo anachimanga ndi mphira. Tsiku loyamba kuiyesa ndinawaona akutuluka pageti. Atangopotokola pang'ono, njinga inadumpha ngati mbuzi yolumidwa ndi mavu, thumba laling'ono n'kupendekeka. Anzawo a pa siteji anaimba mluzu. "Taonani! Nkhono yamera mapiko!"

Anabwera dzuwa litapendeka kwambiri, akukankha, milomo itauma. Ndinawapatsa madzi.

"Thanki ndadutsa," anatero. "Kamlatho ndawoloka. Pamwamba ndafika, alandilodi, ndi maso angawa ndaona kutsidya. Mota sinkagwirika, ndinalavulirapo malovu n'kumva tswii. Ndinadikira izizire, n'kutsika. Kumunsi kuja njira ndi ya mchenga. Ndinayenda, ndinayenda, timagetsi tonse tili mbee. Kenako zii. Osatsanzika n'komwe."

"Njanji munaiona?"

"Ndinamva kulira kwa sitima. Koma mphepo imanyamula mawu kutali."

Anayesanso kangapo, ndipo njinga sinafere malo amodzi kawiri. Tsiku lotentha lopanda mphepo inkapitirira mpaka pomwe ankaona denga la siteshoni. Tsiku lina inafera pafupi ndi tsinde la phiri. Kale ankadziwa mphamvu ya njinga yawo ngati mmene munthu amadziwira masitepe a nyumba yake. Tsopano inali yamphamvu, koma yachilendo. Ndinawaona akuphimba timagetsi tija ndi chidutswa cha tepi kuti asamatiyang'ane, kenako tsiku lina n'kuchimatula.

Nyengo yozizira inafika, ndi mphepo yake youma imene imawomba kuchokera kuzigwa za kumunsi kwa tawuni. Batire inayamba kutha msanga. Mayi Fyuzi anati mabatire amadana ndi kuzizira ngati nkhalamba, ndipo ndinawalola kuti aziisunga m'chipinda changa chochezera, pafupi ndi khoma la kukhitchini.

Ndi m'nyengo imeneyi pamene a Tcheya anabwera Loweruka lina masana. Anaimika galimoto pageti, n'kugawira ana a mumsewu maswiti, n'kulowa akuzunguza makiyi pachala. Ine ndinali pakhonde ndikusoka nsapato. A Nkhono anathamangira m'nyumba, n'kutulutsa mpando uja, n'kuupukuta.

"Apongozi, muli bwanji? Mawondo?"

"Tikuyesera, bambo. Kaya kunyumba? Mayi mkono uli bwanji?"

"Ukupola. Mwana wanuyo ndi wosasamala, apongozi, ndimamuuza tsiku ndi tsiku." Anapsontha tiyi. "Ndamva kuti njinga mwaipatsa mankhwala. Anyamata akuti masiku ano mukuuluka."

"N'zaukalamba, bambo. Miyendo ikakana umapempha kwa waya."

A Tcheya anaseka, n'kudzuka kapu ili m'manja, n'kuyamba kuzungulira njinga. Anadina tayala. Anagogoda bokosi la batire. Kenako anaima pa matumba aja, amene anali atatsamira khoma. Anaika kapu pawindo, n'kugwira thumba lalikulu ndi dzanja limodzi, n'kulinyamula. Analigwedeza m'mwamba pang'onopang'ono, mutu ataupendeketsa ngati munthu amene akukumbukira nyimbo.

"Mchenga?"

"Mchenga, bambo. Woyesera njinga."

"Kulemera kwake ngati munthu." Analitsitsa mosamala. "Munthu wowonda." Ananyamula laling'onolo n'kuliika paphewa, n'kulisisita kumsana. "Nanga aka? Aka mpaka ndingakaimbire nyimbo kagone."

Singano inandibaya chala, koma sindinasunthe. A Nkhono anali pa ndowa yawo, akumwetulira, maso ali pa nsapato za mkamwini.

"Alandilodi," anatero a Tcheya potembenukira kwa ine, "apongozi angawa muziwasamala. Njira ya kumiyala ija ndi yoipa. Munthu wamkulu atagwera m'chigwembe muja, angamupeze ndani? Ndawauza anyamata anga kuti minibasi imodzi izikhala pamunsi pa chitunda paja. Okwera ndi ochepa, koma tizithandizana." Anabweza kathumbako pamalo pake. "Komanso ndabwera kudzakuuzani, apongozi. Nyumba ya kumunda ija yatha. Banja ndikulisamutsira kumeneko, kuli mpweya wabwino, kulibe anthu olongolola. Sikelo ya Lachiwiri likubwerali ndi yomaliza kuno."

"Mwachita bwino, bambo," anatero a Nkhono. "Tiyi wina?"

Anamuthirira. Anamuperekeza mpaka pagalimoto, n'kumutsegulira chitseko, n'kuima akugwedeza dzanja mpaka fumbi linatha. Pobwerera ananyamula kapu pawindo paja, n'kuitsuka, n'kulowetsa mpando. Sanandiyang'ane.

Lamulungu sanapite kutchalitchi. Anamasula matayala onse awiri, n'kuyang'ana machubu, n'kuthira mafuta pa tcheni. Anachotsa belu. Anapinda bulangete lawo n'kulimangirira pa kaliyala, ndipo m'mbali mwa tayala lakumbuyo anamangirira timatabwa tiwiri topondapo. Lolemba anagwira ntchito m'mawa mokha, n'kubwerera masana kudzatchaja. Batire yatsopanoyo inkachedwa kudzadza, ndipo tchaja yake inali ndi kagetsi kamodzi, kofiira ikamadya, kobiriwira ikakhuta. Atangoilumikiza kwa kanthawi, magetsi anazima m'dera lonse.

Tinakhala m'chipinda chochezera tikuyang'ana tchaja yakufayo. Kunja mphepo inkagwedeza malata.

"Kwa Mayi Fyuzi kuli jenereta," ndinatero.

"Kumsika maso ndi ambiri."

"Mwina mudikire. Kumunda kuja nako kuli njira."

"Kumunda kuja kulibe sikelo, alandilodi. Kulibe woyandikana naye nyumba. Kuli mpanda ndi agalu." Analoza panja kumene kunali matumba. "Thumba lija likangopepukanso, sipadzakhalanso chonyamula."

Magetsi anabwera tonse titagona, ndipo palibe amene akudziwa kuti anabwera nthawi yanji. M'mawa kagetsi kanali kadakali kofiira. A Nkhono anadikira mpaka dzuwa linafika pawindo. Kanali kofiirabe. Anazula pulagi, n'kukulunga tchaja m'malaya akale, n'kuika batire m'bokosi mwake. Atayatsa, timagetsi tonse tisanu tinayaka, monga tinkachitira masiku onse.

"Makiyi a chipinda ndawasiya pachitseko," anatero. "Zitini za mawaya zija mutaye."

Tsiku la sikelo ndi lomwenso ine ndimakatenga mapiritsi anga a kuthamanga kwa magazi, choncho ndinavala jekete n'kuwatsatira wapansi. Pofika ndinawapeza pageti pa chipatala, pamalo pawo pa masiku onse, akudina tayala. Mphepo inali yamphamvu, yozizira, ikuulutsa mapepala kuchokera kumunsi. Woitanira wina wa a Tcheya, wa chipewa chofiira, anali atatsamira mtengo tsidya la msewu akuseweretsa foni. Chipatalacho chili pamphambano. Kumanzere msewu umakwera kulowera kumiyala, ndipo kuchokera pagetipo ndinkaiona bwinobwino minibasi yoyera itaima pamunsi pa chitunda, chitseko chili chotsegula, amuna awiri atakhala pakhomo pake. Kumanja msewu umatsikira kuzigwa, kumene kuli minda ikuluikulu ndi tinjira tambirimbiri ta pakati pa ngalande. A Nkhono anali asanapiteko ndi matumba awo ngakhale kamodzi. Ine sindikudziwa kumene tinjira timeneto timathera.

Ndinakhala pa benchi ya panja. Amayi anayamba kutuluka m'gulu, ana kumsana, akucheza. Mwana wa a Nkhono anali pakati pawo. Mkono unali utachoka m'nsalu, koma ankaugwira moupinda. Khanda linali kumsana, lomangidwa ndi nsalu ziwiri. Analibe chikwama, analibe kalikonse. Atafika pageti anaima monga mwa nthawi zonse.

"Mwadzuka bwanji, ababa?"

"Ndadzuka, mayi. Abwana aang'onowa sikelo yati bwanji?"

"Akwera pang'ono."

"Chabwino. Khalani apa."

Mayiyo anayang'ana tsidya la msewu, kenako anayang'ana bambo ake. Amayi anzake aja, kaya anapangana kaya zinangochitika, anaima pagetipo n'kuyamba kukangana mokweza za katemera, mmodzi akufunyulula nsalu yake yonse kuti amangenso mwana. Kuseri kwa nsaluyo mwana wa a Nkhono anakhala pa bulangete, n'kuponda pa timatabwa, n'kugwira malaya a bambo ake ndi dzanja labwinolo.

A Nkhono sanapotokole moto. Anaimirira pa mapedulo n'kupalasa, njinga ikupendekera uku ndi uku, mpaka inagwira mayendedwe. Wa chipewa chofiira anadzutsa mutu. Anawayang'ana, n'kuyang'ana kuchitunda kumene kunali anzake, n'kumwetulira, n'kuika foni kukhutu osafulumira. Pamphambano a Nkhono anakhotera kumanja.

Ndinamva kulira kwa mota, kochepa ngati kwa udzudzu. Mphepo inkawamenya kumaso, malaya awo atafufuma kumsana, ndipo anawerama mpaka chibwano chinatsala pang'ono kugunda handulo. Sankathamanga. Woitanira uja anayamba kufuula m'foni akuloza ndi dzanja, ndipo kuchitunda kuja amuna awiri aja anadumphira m'minibasi. Dalaivala anafunika kubwerera chambuyo kawiri kuti atembenuke, chifukwa msewu ndi wopapatiza pamenepo. Pamene minibasiyo inkadutsa pachipatala, ikuliza hutala kuti amayi apatuke, njinga inali itafika kale pomwe phula limathera. Ndinaiona ikusiya msewu n'kulowa kanjira kena ka m'mbali mwa ngalande, pakati pa udzu wautali. Kwa kanthawi mitu iwiri inkaoneka pamwamba pa udzuwo, wina wa imvi, wina wa duku, ikuyenda pang'onopang'ono molimbana ndi mphepo. Kenako fumbi la minibasi linatseka zonse.

Namwino anatulukira pakhomo n'kuitana dzina langa. A Tcheya anandifunsa madzulo omwewo, anzawo a Nkhono a pa siteji andifunsa, Mayi Fyuzi amandifunsabe ndikapita kumsika. Onse ndimawayankha zoona, kuti ndinawaona akulowa m'kanjira ka m'mbali mwa ngalande, mayi ali kumbuyo, mwana ali kumsana, ndipo kumene analowera sindikudziwa.